Musanagule SSD, pulumutsani kaye mafayilo anu

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale ku Zomba. Ndili ndi laputopu ya HP yomwe ndinagula yogwirapo kale ntchito, ili ndi hard drive ya 500 GB ndi Windows 10. Masiku ano ikuchedwa kwambiri kuyaka, ndipo nthawi zina mkati mumamveka kaphokoso ka tiki tiki. Muli mayeso omwe ndakhala ndikulemba kwa zaka zambiri, zithunzi za ukwati wathu ndi za malemu bambo anga, komanso dissertation ya digiri yanga yomwe sindinamalize. Mnyamata wokonza makompyuta wandiuza kuti ndigule SSD. Kodi ndigule? Nanga mafayilo anga satayika? Anzanga akuti ndingoika zonse pa Google basi.

Yankho: Aphunzitsi, SSD (chosungira mafayilo cha ma chip chomwe chimalowa m'malo mwa hard drive) mugule ndithu, mnyamatayo wakuuzani zoona. Koma pa zonse mwalembazi, chandiimitsa mutu ndi kaphokoso kaja, ndipo ndikupemphani kuti nkhani yogula iyambe yadikira mpaka mafayilo anu atakhala pamalo awiri.

Ndifotokoze chomwe chikulira. Mkati mwa hard drive ya laputopu muli kambale kamodzi kapena tiwiri tozungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndipo pamwamba pake pamayenda kamkono kokhala ndi kamutu kowerenga ndi kulemba. Kamutuko sikakhudza mbale. Kamayandama pa kampweya, pa mpata wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Kakalephera kuwerenga malo ena, kamkonoko kamabwerera poyambira n'kuyesanso, n'kuyesanso, ndiye tiki tiki mukumvayo. Si phokoso lililonse lomwe ndi loopsa, chifukwa ma drive ena amalira kamodzi akamapumitsa kamkono, ndipo zimenezo n'zabwinobwino. Koma kulira kobwerezabwereza, kophatikizana ndi kuchedwa kuyaka komanso kuuma kwa kompyuta mukamatsegula foda, kumasonyeza kuti drive ikutsanzika. Ikhoza kukankha miyezi ingapo. Ikhozanso kukana kuyaka mawa m'mawa.

Choncho musaipatse ntchito yolemetsa. Musachite defrag (kusanjanso mafayilo pa mbale), musalole chkdsk, pulogalamu ya Windows yofufuza zolakwika pa drive, kuti iyese kukonza, musayendetse antivirus m'kompyuta yonse, ndipo aliyense wokuuzani kuti "tingoifomata, iyenda bwino" mumukanire. Zonsezi zimakakamiza kamutu kodwalako kuyenda pa mbale yonse, pomwe mphamvu zomwe katsala nazo tikuzifuna pa ntchito imodzi yokha, yokopera. Ikani laputopu pa tebulo, ilumikizeni ku chaja, ndipo musainyamulenyamule ikuyaka.

Pokopera muyambe ndi zomwe simungazipezenso kwina kulikonse padziko. Dissertation ndiyo yoyamba, ndipo siyofunikanso kudikira kuti mugule chilichonse: fayilo ya Word ndi ya ma MB ochepa chabe, dzitumizireni nokha pa imelo usiku womwe uno, pamodzi ndi data yanu ya SPSS kapena Excel ndi mndandanda wa mabuku ngati mumagwiritsa ntchito Zotero kapena Mendeley. Kenako zithunzi za malemu, kenako za ukwati, kenako mayeso. Mafilimu ndi nyimbo zikhale kumapeto, kapena zisiyeni, anzanu ali nazo. Musasankhe zonse nthawi imodzi n'kupita kukagona. Koperani foda imodziimodzi muli pomwepo, ndipo ikaima pa fayilo ina n'kuyamba kulira, dinani Skip mupitirire. Fayilo yovutayo muibwerere zina zonse zitawoloka.

Muyang'anenso malo omwe anthu amaiwala: pa Desktop, mu Downloads momwe mumagwera zonse za pa WhatsApp ndi pa imelo, komanso mapasiwedi omwe Chrome yakhala ikukukumbukirirani. Ambiri amazindikira kuti sadziwa pasiwedi ya imelo yawo tsiku lomwe Windows yatsopano yawafunsa.

Pali bodza lina lomwe lafala m'malo okonzera makompyuta, ndipo ndikufuna mulidziwe. Amagawa drive pawiri, C ndi D, n'kukuuzani kuti mafayilo muzisunga ku D chifukwa "kumeneko n'kotetezeka". Kumateteza pa chinthu chimodzi chokha: Windows ikawonongeka n'kufunika kuikanso, D sakhudzidwa. Koma C ndi D ali pa kambale kamodzimodzi komwe kakulira kaja. Kakafa, onse apita limodzi. Chimodzimodzinso munthu wogula drive yakunja, n'kusamutsira zithunzi zonse kumeneko, n'kufufuta za m'laputopu kuti apeze malo, kenako n'kumati ali ndi backup. Ameneyo wangochotsa chimanga m'nkhokwe n'kuchithira m'thumba. Chimangacho chikadali chomwecho, thumba likanyowa wagona ndi njala. Backup imayamba pomwe fayilo imodzi ili pamalo awiri. Ndiye pokopera dinani Copy, osati Cut.

Mukamaliza kupulumutsa zofunika, m'pamene mungapime drive. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo yomwe imawerenga kaundula wa S.M.A.R.T., momwe drive imadzilembera yokha za thanzi lake. Ikaonetsa Good mu mtundu wa buluu ndiye kuti sinaone vuto, Caution ya chikasu ndi chenjezo, Bad yofiira ndiye zatha. Mizere yoti muyang'anitsitse ndi Reallocated Sectors Count, Current Pending Sector Count ndi Uncorrectable Sector Count. Imawerenga malo a pa mbale omwe awonongeka kapena akukayikitsa, ndipo manambala ake akamakwera tsiku ndi tsiku ndiye kuti kuwonongeka kukufalikira. Koma musadalire Good kwambiri. Mu 2007 akatswiri a Google atafufuza ma drive oposa 100,000 a m'makompyuta awo, anapeza kuti oposa theka la ma drive omwe anafa sanasonyeze chilichonse pa zizindikiro zikuluzikulu za kaundulayu. Khutu lanu lamva kale zomwe pulogalamuyo mwina siinena.

Zikapezeka kuti kukopera kukukanika, kompyuta ikungouma, izimitseni ndipo musamangoyesayesa. Funani wokonza yemwe amadziwa ddrescue, pulogalamu ya pa Linux yomwe imayamba yakopera malo abwino onse kenako n'kubwerera pa ovuta. Drive musaitsegule kuti muone mkati, kafumbi kamodzi kokha kamakanda mbale, ndipo za kuika mu firiji zija zisiyeni, chinyezi chimangomaliza ntchito. Makampani otsegula ma drive m'zipinda zopanda fumbi alipo ku South Africa, koma mtengo wake umatha kuposa wa laputopu yatsopano.

Tsopano pa funso la komwe mafayilo azikhala. Ojambula zithunzi ndi omwe anatchukitsa lamulo lotchedwa 3-2-1, makamaka Peter Krogh wa ku America: fayilo iliyonse yofunika ikhale pamalo 3, pa zipangizo za mitundu 2, ndipo malo amodzi akhale kutali ndi nyumba yanu. Kwa inu zikutanthauza laputopu, drive yakunja, ndi intaneti kapena drive ina yosungitsa kwa m'bale. Mbali ya "kutali" ndi yomwe ambiri amaidumpha. Drive yakunja imagona m'chikwama chomwecho cha laputopu, ndiye wakuba akathyola zenera kapena chikwama chikasowa m'minibasi, amatenga zonse pamodzi. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi zonse zinali m'katimo. Pa ngozi yotero, kapena ya moto, zilibe ntchito kuti m'nyumbamo munali ma drive angati.

Drive yakunja gulani ya 1 TB ya WD, Seagate kapena Toshiba. Pa ntchito ya backup, hard drive wamba ndi yokwanira ndipo ndi yotsika mtengo pa GB iliyonse kuposa SSD, kungoti siifuna kugwetsedwa. Mukailumikiza idzaonetsa 931 GB. Musabwerere ku shopu kukakangana, sanakubereni, kungoti opanga ndi Windows amawerenga mosiyana. Chomwe chimakhala chakuba ndi mafulashi olembedwa 1 TB kapena 2 TB ogulitsidwa pa mtengo wa fulashi yaing'ono. Mkati mumakhala ka 8 GB kapena 16 GB kokonzedwa kuti kazinamiza kompyuta. Mumakopera bwinobwino, mayina a mafayilo amaoneka onse, koma tsiku lotsegula mumapeza zithunzi zosatseguka chifukwa zatsopano zinkalembedwa pamwamba pa zakale. Pulogalamu ya H2testw imadzaza chipangizo chonse n'kuwerenganso, ndipo bodza limaonekera pomwepo. Yesani chilichonse chatsopano musanachikhulupirire.

Ngakhale fulashi yeniyeni, ine sindiiwerengera ngati backup. Imatayika, imachapidwa m'thumba la buluku, ndipo yanu ya aphunzitsi imalowa m'kompyuta ya ku ofesi ndi ya kosindikizira mapepala, komwe imatenga kavayirasi kaja kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Fulashi ndi yonyamulira mayeso kupita kosindikiza, basi. Drive ya backup isamapite kumalo amenewo.

Ndipo isamakhale yolumikizidwa nthawi zonse. Mavayirasi a ransomware, ngati WannaCry yomwe inaimitsa ntchito m'zipatala zambiri za ku Britain mu Meyi 2017, amatseka mafayilo onse omwe akuwafikira, kuphatikizapo a pa drive yomwe ili pa USB, n'kumafuna dipo. Kwathu kuno palinso magetsi obwera mwamphamvu akatha kuzima, ndi mphezi za m'dzinja. Lumikizani, koperani, dinani Eject, zulani, ikani m'kabati.

Kuti musamavutike kukumbukira zomwe mwakopera ndi zomwe simunakopere, Windows ili ndi File History mu Control Panel. Mukasankha drive yakunja n'kudina Turn on, imakopera Documents, Pictures, Desktop ndi mafoda ena anu, ndipo mukailumikizanso imangotenga zomwe zasintha. Ubwino wake waukulu ndi woti imasunga fayilo monga inalili masiku osiyanasiyana, moti mukawononga mutu wachitatu wa dissertation Lachinayi, mutha kubweza wa Lolemba. Mafoda a ku D siiwatenga yokha pokhapokha mutawawonjezera. Muiyatse pa SSD yatsopano. Pa drive yodwalayi koperani pamanja monga ndanenera. Ndipo kamodzi pa teremu tsegulani mafayilo angapo kuchokera pa drive yakunjayo, muone ndi maso kuti akutseguka. Ndaonapo anthu akubwera ndi drive yomwe ankaidalira, titatsegula muli ma shortcut okhaokha oloza ku laputopu yomwe yafa.

Anzanu a Google aja ali ndi mfundo, koma theka lokha. Akaunti yaulere ya Google imapatsa 15 GB, ndipo malo amenewa amagawana Gmail, Google Drive, Google Photos komanso backup ya WhatsApp ya pa foni ya Android. OneDrive ya Microsoft imapatsa 5 GB. Zolemba zanu zonse za zaka khumi zikwanamo mosavuta. Zithunzi ndi mavidiyo a ukwati sizingakwane, ndipo ngakhale mutalipira malo owonjezera, kukweza 100 GB pa bandulo ya foni ndi ndalama zambiri. Ndiye sankhani: zolemba zonse, ndi zithunzi mazana angapo zomwe zingakulizeni zitatayika. Zotsalazo zipite pa drive yachiwiri yomwe mungasungitse kwa achemwali anu, n'kumaitenga pa holide kuti muwonjezere zatsopano.

Dziwaninso kuti Google Drive ndi OneDrive zikaikidwa pa kompyuta, ntchito yake ndi kufananitsa mbali ziwiri. Mukafufuta fayilo pa laputopu, imafufutikanso pa intaneti. Imakhala mu bini masiku 30, kenako yapita. Fayilo ikawonongeka kuno, yowonongekayo ndi yomwe imakwera. Akauntiyo ikhale yanuyanu, osati imelo yomwe anakupatsani ku koleji, chifukwa imeneyo atha kuitseka mukamaliza maphunziro. Nambala ya foni yobwezera pasiwedi ikhale yomwe mukugwiritsa ntchito lero, osati ya SIM yomwe munataya. Ndipo muzilowamo, poti Google inalengeza mu 2023 kuti akaunti yomwe yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito itha kufufutidwa.

Tifike pa SSD. Mulibe chozungulira, muli ma chip okhaokha, ndiye siilira, siopa kugwedezeka, ndipo siidya batire kwambiri. SSD ya SATA (mtundu wa polumikizira womwe hard drive yanu imagwiritsanso ntchito) imawerenga pafupifupi 550 MB pa sekondi pomwe hard drive ya laputopu imazungulira pa 100, koma kusiyana komwe mudzakumve kwenikweni kuli pa kupeza timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri, ntchito yomwe Windows imagwira poyaka. Kamkono kaja kamayenera kuyenda kukafuna kalikonse, SSD imangofikapo. Laputopu yoyaka mphindi zitatu imayamba kuyaka m'masekondi osakwana 30. Palibe chinthu china chomwe mungagulire kompyuta yakale chomwe chingaisinthe chonchi.

Popeza yanu ili ndi hard drive, ili ndi malo a drive ya mainchesi 2.5 ya SATA, ndipo SSD ya mtundu umenewo idzalowa pomwe pachoke yakaleyo. Malaputopu ena ali ndi kamalo kenanso ka M.2, kolowa ka SSD kopyapyala kotalika 80 mm. Apa m'pomwe anthu amataya ndalama, chifukwa M.2 ilipo ya SATA ndi ya NVMe, zimafanana maonekedwe, koma kamalo kena kamalandira mtundu umodzi wokha. Onani nambala ya modelo kunsi kwa laputopu mufufuze musanagule. Kunena zoona, pa ntchito ya Word, Excel ndi intaneti simudzaona kusiyana kwa SATA ndi NVMe, ndiye musalipire zambiri pofuna manambala akuluakulu a pa bokosi. Kukula kwake, 256 GB imagwira ntchito koma imadzaza msanga. Ngati thumba likulola tengani ya 500 GB ya Samsung, Kingston kapena WD. Ikangoikidwa, tsegulani CrystalDiskInfo muone Power On Hours. Yatsopano imaonetsa maola owerengeka. Ikaonetsa masauzande, akugulitsani yozula m'kompyuta ina. Laputopu ili chitsegukire, funsani za RAM, momwe kompyuta imasunga kwa kanthawi zomwe ikugwira: ngati ili 4 GB, kuifikitsa pa 8 GB n'kwanzeru.

Wokonzayo mwina adzakufunsani ngati achite clone, kutanthauza kukopera drive yonse ndi Windows yomwe, kupita pa SSD. Pa drive yathanzi ndi njira yabwino, ndipo Clonezilla imachita zimenezi mwaulere. Pa yanuyi ayi. Clone imawerenga mbale yonse kwa maola, imatha kuima pakati, ndipo ikatheka imasamutsa mafayilo a Windows owonongeka kale. Aike Windows yatsopano kuchokera pa fulashi ya 8 GB yopangidwa ndi Media Creation Tool ya Microsoft, osati ma Windows osinthidwasinthidwa omwe amayenda m'mafulashi a anyamata. Ngati Windows yanu inali yovomerezeka, imadzitsimikiza yokha ikalowa pa intaneti, poti laisensi imamangidwa ku laputopu osati ku drive. Office ndiyo imafuna kiyi kapena akaunti yake, ndiye mufufuziretu.

Pali zinthu ziwiri zoti muone drive yakale isanazulidwe. Choyamba ndi BitLocker: ngati pa C pakuoneka kaloko, mafayilo ndi okhomedwa, ndipo drive ikachoka m'laputopu siidzatseguka popanda kiyi ya manambala 48. Kiyiyo imapezeka mu Control Panel pa BitLocker kapena mu akaunti yanu ya Microsoft. Ilembeni pa pepala. Chachiwiri ndi Windows 10 yeniyeniyo, yomwe Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo ka m'kompyuta, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD yofanana nayo. Ngati purosesa yanu ili ngati i5-8250U (8 woyambayo ndiye m'badwo), ikani Windows 11. Ngati ili ngati i5-6200U, siili pa mndandanda wovomerezeka, ndipo muganizire bwino kuchuluka kwa ndalama zomwe mukuthira m'makina amenewa. SSD yokha siitayika, mudzaisamutsira m'laputopu ina kapena m'kabokosi ka USB.

Chenjezo lomwe ogulitsa satchula ndi loti SSD nayo imafa, ndipo imafa mwakachetechete. Hard drive yanu yakuchitirani ulemu polira. SSD imatha kugwira ntchito bwinobwino madzulo, m'mawa kompyuta n'kunena kuti mulibe drive. Komanso chifukwa cha dongosolo lotchedwa TRIM, fayilo yomwe mwafufuta n'kukhuthula Recycle Bin imachotsedweratu posakhalitsa, moti mapulogalamu obweza zofufutidwa ngati Recuva, omwe amathandiza pa hard drive, nthawi zambiri sapeza kanthu pa SSD. Mukasintha drive, backup idzafunika kuposa kale. Siyabwinonso kuisiya m'kabati zaka zambiri osailumikiza, chifukwa ma chip ake amasunga zinthu ndi timphamvu ta magetsi tomwe timatha pang'onopang'ono.

Tsiku losintha, pitani mafayilo ali kale pa drive yakunja, ndipo driveyo muisiye kunyumba. Kusintha ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndiye khalani pomwepo muone, ndipo drive yakale akupatseni m'manja. Ena amati "yakufayi tisiyireni", koma muli mayeso a ana, zikalata zanu za ku banki ndi zithunzi za banja, ndipo drive yolira imawerengekabe. Gulani kabokosi ka USB kolowetsamo drive ya mainchesi 2.5, n'kotsika mtengo, kuti mukakumbukira fayilo yomwe munaiwala muthe kuyesa kuitenga. Musaisandutse drive ya backup ngakhale itaoneka ngati yachira. Isungeni mpaka dissertation itaperekedwa ndipo mwatsimikiza kuti palibe chikusowa. Pamenepo, popeza kufufuta bwinobwino drive yodwala kumavuta, masulani timasikuluwu take, tulutsani kambale, kakulungeni m'chinsanza poti tambiri ta m'malaputopu ndi tagalasi ndipo timathetheka, mukaswe ndi hamala.